Chigayo Chikamanjenjemera: Shafuti Yozungulira ndi Masamu Ake

Amene anaimapo pa mzere wa kuchigayo pa Khombedza, kapena pa malo ena amalonda a m'mbali mwa msewu wa M5 wochoka ku Salima kulowera ku Nkhotakota, akudziwa momwe chigayo chimadzukira. Wapachigayo akangoyatsa, mota imayamba ndi kung'ung'udza, kulira kwake n'kumakwera pang'onopang'ono. Isanafike pachimake, pamakhala kanthawi kochepa pamene malata a padenga amasokosera, beseni lomwe munaika pansi limayamba kudziyendera lokha, ndipo kunjenjemera kumakufikani mpaka m'mawondo. Chigayo chikafika pa liwiro lake lenileni, kugwedezeka kuja kumachepa, n'kutsala phokoso lokha. Pozimitsa ndi chimodzimodzi: chikamatsika liwiro chimadutsanso pomwe paja, n'kugwedezeka kamphindi, kenako n'kuima.

Chikhala kuti liwiro lokha ndi limene limagwedeza makina, bwenzi kugwedezekako kukukula kwambiri pamene chigayo chathamangitsitsa. Nanga bwanji kumakula chapakatikati? Funso limeneli linazunguza mitu ya akatswiri a makina ku Ulaya kwa zaka 50, ndipo yankho lake ndi limene lero likutsogolera opanga chilichonse chozungulira, kuyambira pampu yothirira mbewu mpaka injini ya ndege.

Shafuti ili paliponse

M'kati mwa makina ambiri muli chitsulo chachitali chobulungira chimene chimazungulira n'kumanyamula mphamvu kuchoka kumene ikupangidwa kupita kumene ikufunika. Amakaniko amachitchula kuti shafuti. M'chigayo, shafuti imanyamula mahamala, tizitsulo tathyathyathya tomwe timamenya chimanga mpaka chidutse pa sefa chili ufa. Mu injini ya boti la asodzi a usipa, shafuti imatsika mpaka ku pulopela. Pansi pa lole pali ina yaitali yopita ku matayala akumbuyo. Ku fakitale ya Salima Sugar ku Chikwawa m'boma la Salima, zitsulo zofinya nzimbe ndi zimigolo zozungulira zolekanitsa shuga ndi manyuchi ake zonse zili pa mashafuti. Magetsi ambiri omwe amayendetsa zigayo za ku Salima amachokera pa mashafuti aakulu a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire.

Shafuti imagona pa mabering'i, kawirikawiri awiri, omwe amaigwira kuti isachoke pamalo koma n'kumailola kuzungulira. Mukaiyang'ana imaoneka yolimba zoti singapindike. Maso amanama pamenepa. Chitsulo chilichonse chimapindika pang'ono chikalemedwa, n'kubwerera mwakale katunduyo akachoka, monga imachitira sipuling'i. Kupindikako n'kochepa koti diso silingaone, koma nkhani yonseyi yagona pamenepo.

Magalamu 50 amasanduka matumba awiri

Chinthu chilichonse chimene chikuzungulira chimakokera kunja. Mahamala a chigayo onse amakoka shafuti, iliyonse mbali yake. Akakhala olemera mofanana, kukoka kwa iyi kumafafanizidwa ndi kukoka kwa inzake ya tsidya linalo, ndipo shafuti siimva kanthu. Vuto n'lakuti mahamala satha mofanana. Kamwala kapena msomali wolowa pamodzi ndi chimanga umabenthula imodzi, ina imalowedwa m'malo ndi yatsopano anzake ali akale, ina imawotchereredwa kuti italikeko. Mapeto ake mbali imodzi imalemera kuposa inzake.

Tiyeni tiwerengere. Mota zambiri za magetsi athu zimazungulira maulendo pafupifupi 1,450 pa mphindi, ndipo lamba ndi mapule zimakweza liwirolo kuti shafuti ya chigayo izifika chapafupi ndi 3,000. Tiyerekeze kuti mbali imodzi yalemerako ndi magalamu 50 okha, ndipo kulemerako kuli pa mtunda wa masentimita 20 kuchokera pakati pa shafuti. Pa liwiro la 3,000, magalamu 50 amenewa amakoka ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu 100, kutanthauza matumba awiri a chimanga. Ndipo kukokako sikulunjika kumodzi. Kumazungulira limodzi ndi shafuti, m'mwamba, kumanja, pansi, kumanzere, maulendo 50 pa sekondi iliyonse. Mabering'i, mabawuti ndi simenti ya pansi ndi zimene zimalandira nkhonya zonsezi.

Chinthu china chofunika kuchigwiritsitsa ndi ichi: mphamvuyi siikula mofanana ndi liwiro, imakula mopitirira. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kanayi. Likawirikiza katatu, mphamvu imawirikiza ka 9. Magalamu 50 omwe aja, pa liwiro la 1,500, amakoka ngati makilogalamu 25 okha. Mwini chigayo amene wasintha pule kuti chizithamanga ndi 20 pa 100 iliyonse, poti anthu achuluka nyengo yokolola, wawonjezera nkhonya zija ndi 44 pa 100.

Izi zikufotokoza kumene kugwedezeka kumachokera. Koma funso lija silinayankhidwe, chifukwa mwa lamulo ili lokha makina anayenera kumagwedezeka kwambiri pa liwiro lapamwamba.

Phunziro la katungwe

Akuluakulu amati katungwe amakoma n'kukankhana. Wokankha katungwe safunika mphamvu zambiri, chimene amafunika n'kudziwa nthawi. Katungwe ali ndi mayendedwe ake, amapita n'kubwera pa nthawi yomwe kutalika kwa chingwe kwalamula. Mukamakankha pang'ono pokha koma molingana ndi mayendedwewo, mnzanu amakwera mpaka kuchita mantha. Mukamakankha mofulumira kuposa pamenepo, ngakhale ndi mphamvu, katungwe sapita patali, chifukwa nkhonya zina zikumuthandiza pamene zina zikulimbana naye.

Chinthu chilichonse chimene chili ndi kulemera komanso chimatha kupindika n'kubwerera chili ndi mayendedwe ake otere. Mukachimenya n'kuchisiya, chimanjenjemera maulendo akutiakuti pa sekondi, ndipo chiwerengerocho sichisintha kaya mwamenya kwambiri kaya pang'ono. Chiwerengerochi tikuchitcha kagwedezekedwe kachibadwa. Lata la padenga lili nako kake, tebulo lachitsulo lomwe chigayo chakhalapo lili nako, shafuti nayo ili nako.

Tsono kumbukirani kuti mbali yolemera ija imakankha kamodzi pa kuzungulira kulikonse. Chigayo chikamadzuka, nkhonyazi zimayamba mwapatalipatali n'kumafulumira. Penapake m'njiramo, kufulumira kwake kumalingana ndendende ndi kagwedezekedwe kachibadwa ka chinthu china, ndipo nkhonya iliyonse imawonjezera pa inzake. Kulingana kumeneku akatswiri amati rezonansi, ndipo liwiro limene kumachitikira amalitchula liwiro loopsa. Chigayo chikalidutsa, nkhonya zimafulumira kwambiri moti chinthucho sichingathenso kuzitsatira, n'chifukwa chake chimakhazikika.

M'chigayo chopangidwa bwino, chomwe chimagwedezeka podzuka nthawi zambiri ndi tebulo, denga kapena chitoliro cha ufa, chifukwa shafuti yake ndi yaifupi ndi yonenepa, ndipo liwiro lake loopsa lili kumwamba kwambiri kumene chigayo sichifikako. Lamulo ndi limodzi lomwelo, koma rezonansi ikagwira shafuti yeniyeniyo, nkhani imakula.

Pali kalamulo kachidule kodziwira liwiro loopsa la shafuti. Makina ali chiimire, yesani kuti shafuti yapindika motani ndi katundu amene yanyamula. Ikapindika milimita imodzi, liwiro loopsa lili pafupi ndi maulendo 950 pa mphindi. Ikapindika gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita, komwe ndi kuchindikala kwa pepala la m'kope, liwiro loopsa lili pafupi ndi 3,000, pomwe penipeni pamene zigayo zimagwirira ntchito. Choncho shafuti ya chigayo iyenera kukhala yolimba kwambiri kuposa pamenepo.

Kulimba kwa shafuti kumadalira kwambiri zinthu ziwiri. Mukainenepetsa kawiri, imalimba kuwirikiza ka 16. Mukatalikitsa kawiri mpata wa pakati pa mabering'i, imafewa kuwirikiza ka 8, ndipo liwiro loopsa limatsika kufika pafupifupi gawo limodzi mwa atatu. Apa ndi pamene amisiri athu owotcherera, omwe ambiri ndi aluso ndithu, amagwera m'mbuna osadziwa. Kusuntha bering'i pang'ono kuti pule yaikulu ikwane, kapena kusema shafuti yakutha kuti bering'i yocheperako ilowe, kumaoneka ngati nkhani yaing'ono. Koma kungathe kutsitsa liwiro loopsa kuchoka kutali kumene linali n'kulibweretsa pakhomo.

Pulofesa ananena kuti sizingatheke

M'chaka cha 1869, William Rankine, pulofesa wa zamakina ku yunivesite ya Glasgow ku Scotland, analemba nkhani yoyamba yofufuza za shafuti yozungulira. Glasgow ndi mzinda womwe David Livingstone anaphunzirako udokotala, komanso kumene sitima ya Ilala inapangidwira mu 1949 isanabwere kuno m'zidutswazidutswa. Rankine anaona bwino kuti pali liwiro lina limene shafuti imapindika kwambiri. Koma masamu ake anamufikitsa pa mfundo yoti kupyola liwiro limenelo n'kosatheka, shafuti ingopindikirabe mpaka kuthyoka. Popeza anali munthu wolemekezeka, ambiri anangovomera, ndipo opanga makina ankanenepetsa mashafuti kuti asayandikire malirewo.

Amene anaswa mfundoyi anali Gustaf de Laval wa ku Sweden, munthu wa manja kuposa wa choko. Iyeyu anatchuka ndi makina ozungulira olekanitsa mafuta ndi mkaka, kenako anapanga injini ya nthunzi yokhala ndi gudumu lothamanga maulendo masauzande makumimakumi pa mphindi. Pa liwiro lotere panalibe shafuti yonenepa yomwe ikanapirira. De Laval anachita zosemphana ndi nzeru za nthawiyo: anaika gudumulo pa shafuti yowonda ndi yofewa, moti liwiro loopsa linatsika kwambiri, injini n'kumalidutsa msanga ikamadzuka. Pofika 1889 makina ake ankayenda bwinobwino kumtunda kwa malire amene pulofesa anati sangadutsike.

Makinawo ankayenda, koma chifukwa chake sichinkadziwika bwino. Mu 1894 Stanley Dunkerley ku Manchester anayesa mashafuti ambiri okhala ndi mapule n'kupeza njira yowerengera liwiro loopsa. Mu 1895 August Föppl ku Munich anasonyeza ndi masamu kuti de Laval sankachita mwayi chabe, koma zolemba zake sizinafalikire. Mkanganowo unatha mu 1919, pamene Henry Jeffcott wa ku Dublin anafalitsa kafukufuku amene mpaka lero ndi phunziro loyamba la aliyense wolowa m'ntchitoyi.

Chifanizo cha Jeffcott

Makina enieni ali ndi zinthu zambirimbiri: mabawuti, mapule, girizi, dzimbiri, fumbi la ufa. Munthu sangaziwerengere zonse. Nzeru ya Jeffcott inali kutaya zonse zosafunika n'kutsala ndi chithunzi chosavuta: gudumu limodzi lolemera, lili pakati pa shafuti yofewa, shafutiyo itagona pa mabering'i awiri. Chithunzi chotere, chimene chimasiya zambiri dala kuti zotsalazo ziwerengeke, ndi chimene tikuchitcha chifanizo cha masamu.

M'chifanizochi muli zinthu zinayi zokha. Choyamba ndi kulemera kwa gudumu. Chachiwiri ndi kulimba kwa shafuti. Chachitatu ndi kamtunda kakang'ono ka pakati pa pomwe shafuti yaboola gudumu ndi pomwe pali phata lenileni la kulemera kwake, poti palibe mmisiri angaboole pakati penipeni osaphonya ndi pang'ono pomwe. Chachinayi, chimene Jeffcott anachipatsa malo ake oyenera, ndi chilichonse chomwe chimamwa mphamvu ya kunjenjemera n'kuisandutsa kutentha, monga mafuta a m'mabering'i, mphira kapena mpweya. Ntchito yake ndi yomwe mashoko amagwira pa galimoto, ndipo tingachitche chofooketsa.

Zinthu zinayizi zikalowa m'masamu, zimatulutsa nkhani ya magawo atatu. Pansi pa liwiro loopsa, mbali yolemera imakokera kunja, shafuti n'kupindikira komweko, ndipo kupindikako kumakula liwiro likamakwera. Pa liwiro loopsa penipeni, kupindika kumafika pachimake, ndipo chimene chimaletsa kuti shafuti isathyoke ndi chofooketsa chija basi. Kumtunda kwa liwiro loopsa kumachitika chinthu chodabwitsa: gudumu limatembenuka makhalidwe, mbali yolemera imalowa m'kati, yopepuka n'kukhala kunja. Liwiro likamakwererabe, gudumu limayamba kuzungulira pa phata la kulemera kwake, shafuti yofewa ija n'kumangolilola. Makina amadzikhazika okha. Ichi ndiye chinali chinsinsi cha de Laval.

Masamu omwewo amasonyezanso kuti kugwedezeka kumafuna nthawi kuti kukule. Makina odutsa pa liwiro loopsa mwachangu sapwetekeka, opwetekeka ndi ozengereza pomwepo. N'chifukwa chake injini zikuluzikulu za nthunzi ndi za ndege, zomwe zambiri zimagwira ntchito kumtunda kwa liwiro loopsa, zimadzutsidwa m'njira yoti zisachedwe pamalo oipawo.

Kuchoka pa pepala kupita pa kompyuta

Gudumu limodzi pa shafuti imodzi limaphunzitsa mfundo, koma silikwanira popanga makina aakulu. Shafuti yaitali yokhala ndi magudumu ambiri imatha kupindika m'njira zingapo, ngati uta, ngati chilembo cha S, ndi zina zotero, ndipo kapindikidwe kalikonse kali ndi liwiro lake loopsa. M'zaka za m'ma 1940, Nils Myklestad ndi Melvin Prohl ku America anapeza njira yoduladula shafuti pa pepala kukhala tizigawo, n'kumawerengera kuchoka kumapeto kuno kukafika uko, kachigawo kalikonse kakupatsira kanzake zotsatira. Inali ntchito ya masiku ambiri. Kuyambira m'ma 1970 makompyuta anaitenga ntchitoyi, ndipo lero katswiri amajambula shafuti, n'kulowetsa mtundu wa chitsulo, kulemera kwa magudumu ndi kufewa kwa mabering'i, yankho n'kutuluka m'kanthawi kochepa.

Yankholi kawirikawiri amaliika pa chojambula chomwe chimadziwika ndi dzina la Wilfred Campbell, katswiri wa kampani ya General Electric amene anachigwiritsa ntchito mu 1924. Mzere umodzi umasonyeza kufulumira kwa nkhonya liwiro likamakwera, mizere ina imasonyeza kagwedezekedwe kachibadwa ka makinawo. Pomwe mizere yadutsana, pamenepo ndiye poopsa. Wopanga makina amasintha kunenepa kwa shafuti kapena malo a mabering'i mpaka liwiro logwirira ntchito litatalikirana ndi mphambanozo, kawirikawiri ndi 15 kapena 20 pa 100.

Ubwino wa chifanizo ndi woti kulakwitsa pa kompyuta sikuwononga chitsulo ngakhale chimodzi. Koma chifanizo chimadziwa zokhazo zimene mwachiuza. Sichidziwa kuti simenti ya maziko inachepa, kapena kuti bawuti imodzi inamasuka chaka chatha. Katswiri wodziwa ntchito sakhulupirira kompyuta yokha. Makina akamangidwa, amawamenya ndi hamala yapadera ali chiimire, n'kuyesa momwe akunjenjemerera, kuti aone ngati chifanizo chinanena zoona.

Kupotokola

Shafuti sipindika kokha, imapotokolanso. Injini ya dizilo ya silinda imodzi, yomwe imayendetsa zigayo zambiri kumene magetsi sanafike, siikankha mosalala. Imaphulitsa kamodzi pa kuzungulira kuwiri kulikonse, ndipo kuphulika kulikonse kumapotokola shafuti pang'ono, iyo n'kubwerera. Chigudumu cholemera cha pambali pa injini chimathandiza kusalaza nkhonyazi, lamba nayenso amamwako zina. Kupotokola n'koopsa chifukwa sikugwedeza pansi, munthu amangoona shafuti yaduka mopendekera. Pa sitima zapamadzi, pomwe shafuti yochoka ku injini kukafika ku pulopela imakhala yaitali, nthawi zina pa wotchi yosonyeza liwiro amapakapo chofiira pa chigawo china, kuuza woyendetsa kuti pamenepo azingodutsa, asamakhazikikepo.

Kumvera zomwe makina akunena

Makaniko wakale amagunditsa nsonga ya sikuludiraiva pa nyumba ya bering'i, chogwirira chake n'kuika kukhutu. Bering'i yabwino imalira mosalala, yakutha imakhala ngati muli mchenga. Msodzi naye amadziwa kuti pulopela yagunda mwala chifukwa chogwirira cha injini chimamuchititsa dzanzi m'dzanja. Akatswiri a masiku ano amachita zomwezi, koma ndi kachipangizo komata pa makina komwe kamayesa kugwedezeka n'kukugawa m'magulu malinga ndi kufulumira kwake.

Kugawako n'kothandiza chifukwa vuto lililonse lili ndi siginecha yake. Kulemera mbali imodzi kumagwedeza kamodzi pa kuzungulira kulikonse. Mashafuti awiri olumikizidwa mosalunjikana, monga mota ndi pampu, nthawi zambiri amagwedeza kawiri pa kuzungulira kumodzi. Bawuti yomasuka imatulutsa kamodzi, kawiri, katatu ndi kupitirira, zonse pamodzi. Bering'i yoyamba kutha imatulutsa kunjenjemera kofulumira kwambiri, ndipo kachipangizoka kamakumva milungu ingapo khutu lisanamve kanthu. Pa makina aakulu omwe shafuti yake imayandama pa mafuta, pali vuto lina lomwe limaonekera pa liwiro lochepera pang'ono theka la kuzungulira, pamene mafutawo ayamba kuikankha shafuti mozungulira. Katswiri akaona chithunzi cha magulu amenewa amadziwa chomwe chavuta asanamasule bawuti ndi imodzi yomwe, ndipo amakonza pa tsiku lomwe wasankha yekha, osati lomwe makina amusankhira.

Foni zambiri zamakono zili ndi kachipangizo kotere m'kati mwake, kamene kamatembenuza chithunzi mukapendeketsa foni. Sikafika pa zida za akatswiri, koma wophunzira angathe kukagwiritsa ntchito poona kusintha kwa kugwedezeka kwa pampu kapena fani.

Chitsulo chimatopa

Chitsulo chimene chingathe kunyamula katundu wolemera kamodzi chimathyoka ndi katundu wochepa ngati akubwerezedwa maulendo ambirimbiri. Kamng'alu kosaoneka kamayamba pa ngodya yakuthwa, pa mpata wa kiyi wa pule kapena pomwe panawotchereredwa, n'kumakula pang'onopang'ono mpaka tsiku lina chitsulo chotsalacho chalephera. Amene anafufuza izi mwadongosolo anali August Wöhler, katswiri wa njanji ku Germany, amene m'zaka za m'ma 1860 ankayesa zitsulo zogwira magudumu a sitima zomwe zinkangothyoka popanda chifukwa chooneka.

Chigayo chozungulira maulendo 3,000 pa mphindi chikagwira ntchito maola 8, chazungulira maulendo 1,440,000. Lamba womangitsa kwambiri amakokera shafuti mbali imodzi, ndiye kuti pa kuzungulira kulikonse chitsulo chimapindidwa uku ndi uku. Mbali yolemera ija nayo imakhala ikutopetsa mabawuti, mabering'i ndi mowotcherera monse. Anthu amati shafuti yathyoka mwadzidzidzi, ena mpaka kuganizirana zaufiti ndi mwini chigayo cha pafupi. Koma mukayang'ana pothyokapo mumapeza mbali ina yosalala yokhala ndi timizere, umboni woti mng'alu unakhala ukuyenda kwa miyezi.

Pa makina aakulu, mtengo wa kunyalanyaza umakhala miyoyo. Pa 17 August 2009, pa malo opangira magetsi a Sayano-Shushenskaya pa mtsinje wa Yenisei ku Russia, omwe mphamvu zake ndi mamegawati 6,400, kuposa kakhumi magetsi onse a Malawi, makina achiwiri mwa makina opangira magetsi a pamalopo anali atakhala akunjenjemera mopyola muyeso kwa nthawi yaitali. Mabawuti ogwira chivundikiro chake anatopa n'kuduka, madzi anatukula makinawo n'kusefukira m'nyumba yonse, ndipo anthu 75 anafa. Zida zoyesera kugwedezeka zinalipo ndipo zinkasonyeza vutolo, koma makinawo sanaimitsidwe.

Kwathu kuno nkhaniyi ili ndi mbali yakeyake. Makina a pa Shire, kuyambira Nkula A yomwe inayamba kugwira ntchito mu 1966, amazunguzidwa ndi madzi omwe amabwera ndi mchenga, matope ndi zinyalala, makamaka nyengo ya mvula. Mchenga umadya zipsepse za gudumu, ndipo sudya mofanana mbali zonse. Choncho mitengo ikatha m'mapiri ndipo dothi likamakokolokera mu mtsinje, zotsatira zake zimakafika mpaka pa mabering'i a makina a kampani yopanga magetsi ya EGENCO, ndipo makina akaima kuti akonzedwe, chigayo cha kutali ku Salima chimaimanso.

Zomwe mwini makina angachite

Zambiri mwa izi sizifuna kompyuta. Mahamala azisinthidwa onse pamodzi, kapena awiriawiri oyang'anizana, ndipo aziyesedwa pa sikelo kuti mizere yoyang'anizana ilemere mofanana. Sikelo yaing'ono yoyesa magalamu ndi yotchipa kuposa bering'i imodzi. Potembenuza mahamala kuti agwire ntchito ndi ngodya ina, onse atembenuzidwe tsiku limodzi ndipo iliyonse ibwerere pamalo pake.

Pali kayesedwe kosavuta. Magetsi atazimitsidwa ndipo lamba atachotsedwa, zunguzani shafuti ndi dzanja n'kuisiya iime yokha, kenako lembani ndi choko mbali yomwe yatsikira pansi. Bwerezani kangapo. Ikamaima pamalo amodzimodzi, mbali imeneyo ndi yolemera. Kayesedweka kali ndi malire ake: ngati kulemera kwina kuli kumapeto kuno m'mwamba, kwina kumapeto uko pansi, shafuti imaima paliponse ngati ili bwino, koma ikathamanga imavina mopendama. Vuto lotere limafuna makina oyesera shafuti ikuzungulira, ofanana ndi omwe amabalansira matayala a galimoto.

Maziko nawo ndi mbali ya makina. Lamulo la amisiri limati chipilala cha konkire chilemere katatu kuposa makina ozungulira omwe akhalapo, ndipo kasanu ngati ndi injini ya mapisitoni. Mapule a mota ndi a chigayo alunjikane, zomwe mungaone pogunditsa chingwe chokoka m'mbali mwake. Lamba asamangitse mopitirira. Mabawuti aziyenderedwa ndi sipanala sabata iliyonse. Ndipo chimanga chizipetedwa bwino, poti kamwala kamodzi kangathe kuwononga ntchito yonseyi.

Makina amene ayamba kulira mwachilendo kapena kugwedezeka kuposa dzulo aimitsidwe nthawi yomweyo, ngakhale mzere utalike bwanji, chifukwa hamala yothothoka pa liwiro la 3,000 imaboola chitsulo. Musayandikire lamba kapena shafuti yozungulira mutavala chitenje kapena malaya olendewera, ndipo musayese njira ya sikuludiraiva ija ngati simunaphunzitsidwe.

Kwa achinyamata amene nkhaniyi yawakoka mtima, masamu a sekondale ndi okwanira poyambira. Ntchito zamanja za makina zimaphunzitsidwa m'makoleji a luso monga Salima Technical College, ndipo uinjiniya wa makina umaphunzitsidwa ku yunivesite ya MUBAS ku Blantyre. Mafakitale a shuga, mabungwe opopa madzi ndi malo opangira magetsi onse amafuna anthu odziwa kuyesa kugwedezeka kwa makina n'kumasulira tanthauzo lake. Ngati muli ku sekondale, limbikirani masamu ndi fizikisi.